Lamba wa pa Madesiki a Che Hemedi

Mukapita kuseri kwa msika wa pa Mzimba boma, kupitirira amayi a usipa ndi anyamata okazinga tchipisi, simufunika kufunsa njira ya kwa Che Hemedi. Fungo la matabwa a paini ndilo limakukokani mphuno mpaka pa shedi yawo. Mudzawapeza atawerama pa thabwa, pensulo ili kukhutu, utuchi uli mbuu m'ndevu, akuyankhula ndi misomali ngati ikumva. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo sadziwa kunong'ona. Akamakupatsani moni, wogulitsa tomato wa mzere wachitatu amayankha nawo.

Bambo awo anachokera ku Nkhotakota ndi mtolo wa nsalu pa njinga, nakwatira mkazi wa ku Euthini, ndipo sanabwererenso kwawo. Choncho Che Hemedi anakula ndi Chichewa m'nyumba, Chitumbuka pabwalo, ndi Chiarabu cha ku madrasa madzulo. Sukulu yeniyeniyo anaisiyira Sitandade 3. Mukawafunsa chimene anaphunzira kumeneko, satchula masamu kapena Chingelezi. Amatchula kuzizira. Ankakhala pa simenti yong'aluka m'mwezi wa Juni, kabudula ali wobooka, mpaka miyendo kuchita dzanzi moti aphunzitsi akati aimirire ankagwira khoma. Tsiku lina anangoona kuti zakwana, napita kukapempha ntchito yosesa utuchi kwa kalipentala wina wachikulire. Atagwira sowo koyamba, analumbira mumtima kuti akadzakhala mmisiri, mwana wa m'nyumba mwawo sadzakhala pansi m'kalasi.

Madesiki awo oyamba anawachititsa manyazi. Anali aja olumikiza tebulo ndi benchi, ndipo pasanathe chaka anabwerera pa ngolo, benchi kwake tebulo kwake. Ana a sukulu si anthu oti n'kuwachitira chibwana: amakankha, amakoka, amakwera pamwamba pothawa mkwapulo. Che Hemedi anakhala masiku atatu akuyang'ana zidutswazo, kenako nzeru inabwera. Anakhomera thabwa lolimba m'mbali zonse ziwiri, pa msinkhu wa bondo, lomanga benchi ku tebulo. Thabwa limeneli analitcha lamba. Kuchokera pamenepo palibe desiki lawo limene linabwereranso, ndipo aliyense wodutsa pa shedi ankamva nkhani ya lamba, afune asafune.

"Desiki langa lithyoke?" ankatero akumenya thabwa ndi chikhatho. "Ndiye kuti lagundidwa ndi lole. Komanso kayang'aneni loleyo, yaphwanyika kutsogolo!"

Kunyumba amakhala ndi akazi awo, Mwasiti, ndi mdzukulu wawo Sakina, amene makolo ake ali ku Joni. Sakina anali Sitandade 5 pa sukulu ina ya pulayimale ya kunja pang'ono kwa tauni, panjira ya ku Edingeni. Pamene bungwe lina linagulira sukuluyo madesiki, ntchito inagwera Che Hemedi, ndipo anaigwira ngati akupangira mfumu. Tsiku lokapereka anakwera okha pamwamba pa lole, akuimba. Lumbiro lija linali litakwaniritsidwa, ndipo anauza msika wonse kuti mdzukulu wawo tsopano akulemba atakhala pa ntchito ya manja a agogo ake. Sakina ndi mwana wofatsa, ankangomwetulira. Mmawa wina anapempha thumba lopanda kanthu la pa shedi, ndipo kuyambira pamenepo ankalipinda n'kuliika m'chikwama tsiku lililonse. Agogo ake anaganiza kuti ndi la ku dimba la sukulu, sanafunse.

Patapita miyezi ingapo, kunabwera mphunzitsi wa kalasi ya Sakina, Madamu Esme Chirwa, atakwera kabaza. Anati bungwe lija likufuna madesiki ena, koma lisanaitanitse likufuna kudziwa ngati oyambawo akuthandiza. Che Hemedi anapukuta manja, nati abwere mabwanawo adzaone. Madamu Esme anapukusa mutu.

"Si mabwana ayi, ada Hemedi. Ofufuza ake ndi ana. Tasankha khumi, tawaphunzitsa kufunsa mafunso ndi kulemba zimene aona. Lipoti lawo ndilo litsogolere komiti."

Che Hemedi anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana telala wa pafupi kuti adzamve nawo zodabwitsazo. Ana? Omwe aja oti mamina kuwapukuta mpaka uwakumbutse? Ana ayeze ntchito ya munthu amene wapala matabwa zaka makumi atatu? Komabe mumtima sanade nkhawa, chifukwa desiki losathyoka ngakhale khanda likhoza kulichitira umboni. Anauza Madamu kuti abwere nawo anawo, awagulira mandasi.

Anabweradi Lachiwiri masana, ali pa mzere, makope ali m'manja. Wotsogolera anali Wezi, mtsikana wa Sitandade 6, wowonda ngati bango, wa maso osaphethira. Pambuyo pake panali Kingstone, mnyamata wa phokoso amene ananyamula chingwe chokhala ndi mfundo, choyezera chilichonse chimene wakumana nacho. Asanapereke n'komwe moni anali atayeza kale chitseko, benchi, ndi mwendo wa telala. Sakina sanali m'gululo. Madamu anati sizikanakhala bwino kuti mwana afufuze agogo ake.

"Monire ada," anatero Wezi m'Chitumbuka, akugwada pang'ono. "Tili ndi mafunso asanu. Mukhoza kukana kuyankha ngati simukufuna."

"Ndikane chiyani? Funsa, mwana wanga, funsa!"

Anafunsa za mtengo umene amagwiritsa ntchito, nayankha kuti paini wa ku Chikangawa, wouma bwino. Anafunsa za misomali, nayankha mpaka kuwaonetsa. Atafunsa za thabwa la m'mbali, Che Hemedi anaimirira n'kukamba mbiri yonse ya lamba kuyambira pa ngolo ija, ndipo ana analemba mpaka manja kuwawa. Kenako Wezi anatembenuza tsamba.

"Mutapanga desiki loyamba la lamba, analiyesa ndani?"

"Ine ndemwe. Ndinakhalapo, ndinaligwedeza, ndinalidumphira."

"Mbwenu munavala chiyani tsiku limenelo?"

Che Hemedi anayang'ana Madamu Esme, kuti mwina mwanayo wasokoneza mafunso. Madamu anali akuyang'ana kudenga. "Buluku langa lomweli la ntchito," anayankha. "Ukufuna udziwenso chimene ndinadya?" Ana anaseka, koma Wezi sanaseke. Analemba mawu amodzi okha, nawadula mzere kunsi kawiri, nathokoza kuti, "Yewo chomene, ada." Madzulo ake Che Hemedi anasimbira Mwasiti za funso la bulukulo, akugwira m'mimba ndi kuseka. Sakina anali pambali akusankha nyemba, ndipo anaweramitsa mutu kwambiri kuposa mmene nyembazo zinkafunira.

Tsiku lomva zotsatira linaikidwa Lachisanu, 2 koloko masana. Che Hemedi anadzuka ndi chimwemwe ngati tsiku la Idi. Mwasiti anawasitira mkanjo wawo woyera, uja wofika m'mapazi, ndipo buluku la ntchito, limene linali gwaa ndi guluu, analiviika m'beseni mmawa womwewo osafunsa mwini wake. Motero m'kati mwa mkanjo munali kabudula yekha. Zimenezi sizinawavute, pakuti mkanjo umabisa zonse. Atatuluka mu mzikiti anakwera kabaza, kofiya ili pamutu, akuuza wopalasayo kuti achite changu chifukwa akukalandira ulemu.

Kalasi inali yodzaza. Kunali makolo, aphunzitsi, mayi wina wa ku bungwe lija, ndi a komiti ya sukulu motsogozedwa ndi wapampando wawo, a Jonasi Mkandawire, mlimi wa fodya wokonda nthabwala. Ana a Sitandade 5 anakhala mmene amakhalira masiku onse. Che Hemedi anapatsidwa mpando kutsogolo, ndipo maso awo anathamangira ku madesiki: onse ali chilili, palibe ngakhale limodzi lopendekeka. Mtima unachita kuti myaa.

Kingstone ndiye anayamba. Anati anayeza madesiki onse, anawakankha, anawakwera anthu anayi nthawi imodzi, ndipo palibe limene linalira. "Pa kulimba," anatero mokweza, "tapereka khumi pa khumi!" Anthu anaomba m'manja. Che Hemedi anaimirira, navula kofiya, naweramira mbali zonse ngati woimba.

Kenako Wezi ndi anzake awiri anayala pansi pepala lalikulu. Linali chithunzi cha kalasi yomweyo, madesiki ojambulidwa ngati timabokosi. Wezi anafotokoza kuti kwa milungu iwiri, mmawa uliwonse belu likangolira, ankalowa n'kuona pamene aliyense wakhala. Mnyamata ankamuikira njere ya chimanga, mtsikana nyemba. Atatero anayamba kuika njerezo pa pepala anthu akuona. Chimanga chinadzaza m'timabokosi. Nyemba zinapita kutsogolo, pa mpata wa pakati pa madesiki ndi bolodi, zinaunjikana pamenepo mulu. M'timabokosi munalowa nyemba zitatu zokha, ndipo mabokosi ena kumbuyo anatsala opanda kanthu.

A Jonasi anadumpha. "Ndi anyamatawa! Amalanda malo. Nkhani imeneyi tinaimva kale, ndipo ahedi anawapatsa chibalo cholima."

"Nafenso timaganiza choncho, ada," anatero Wezi. "Kweni ngati amalanda, bwanji madesiki ena akukhala opanda munthu? Mbwenu tinawafunsa atsikanawo. Aphunzitsi akafunsa, amati palibe vuto. Ife tinakawafunsira ku bwalo la netibo, kopanda wamkulu aliyense." Anatseka kope lake. "Zimene ananena sitikuuzani. Tikufuna muyese nokha."

Kingstone anatulutsa chitenje m'chikwama, napempha a Jonasi kuti amange m'chiuno ngati siketi, akakhale pa desiki. Kalasi inaphulika. A Jonasi, poti ndi munthu wa masewera, anamanga chitenjecho akuvina, nayenda monyang'wa mpaka pa desiki, nakweza mwendo kuti adumphe lamba. Chitenje chinakana. Anayesanso, chinamasuka n'kugwa pansi, iwo n'kugwera pa benchi chagada. Amayi analira ndi kuseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga za mipango. Che Hemedi nawo anaseka kwambiri kuposa onse, osaona kumene nkhaniyo ikulowera.

"Tsopano ada Hemedi," anatero Wezi. Kingstone anathamanga ndi chitenje chija, koma Wezi anamugwira mkono. "Iwowa safunika. Avala kale."

Che Hemedi anaimirira monyadira. Desiki lawo lomwe, angalephere kukhalapo? Anafika pambali pake, nagwira tebulo, nakweza phazi. Mkanjo unakoka. Anaukweza pang'ono kufika m'akakolo, phazi silinafike. Anaukweza kufika pa katumba, lamba anali akadali pamwamba. Apo ndi pamene anazindikira kuti kuti adutse, ayenera kuukwinya mpaka kupitirira mawondo, pamaso pa amayi onsewa, m'kati muli kabudula yekha. Mwamuna wa Chisilamu saonetsa mawondo pagulu, ndipo mawondo a Che Hemedi palibe anawaonapo chikulire chawo. Anazungulira mbali inayo, ngati kuti sakudziwa kuti anakhomera mbali zonse ziwiri ndi manja awo omwe. Anaima pamenepo, phazi lili m'mwamba, nsalu ili m'manja. Kumbuyo mnyamata wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Ndi mmene zimakhalira mmawa uliwonse," anatero Wezi, mawu ake atatsika. "Anyamata amakhala kale, akuyang'ana. Wina diresi linang'ambika. Wina anamuimbira nyimbo sabata yonse. Mbwenu atsikana anangoti bola pansi."

Che Hemedi anatsitsa phazi. Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'kalasimo anayang'ana pansi, kutsogolo kuja kumene nyemba zinaunjikana pa pepala. Atsikana anali atakhala mothithikana pa simenti, miyendo atapinda. Pakati pawo panali Sakina. Anakhalira thumba, ndipo pa ngodya ya thumbalo panali manambala a pensulo, olembedwa ndi dzanja limene Che Hemedi sakanalisokoneza ndi la wina: dzanja lawo lomwe.

"Sakina," anaitana, ndipo kwa kamodzi mawu awo anatuluka aang'ono. "Iwe umakhala pamenepo?"

"Eya, agogo."

"Kuyambira liti?"

"Chibwerere madesiki."

"Osandiuza bwanji, mwana wanga?"

Sakina anayang'ana zala zake. "Mumati lamba ndiye nzeru zanu zonse, agogo."

Zinawapweteka, ndipo sanabise. Misozi inalengeza, anthu onse akuona. Miyezi yonseyi akudzitama pa msika, mwana wa m'nyumba mwawo anali pa simenti yomwe ija imene iwo anaithawa, m'kuzizira komwe kuja, ndipo chomutsekera kunja chinali thabwa limene iwo analipatsa dzina. Mayi wa ku bungwe anayamba kunena zoti nkhaniyi akaikambirana, a Jonasi nawo anayesa kuponya nthabwala kuti zipepuke. Che Hemedi sanamve onsewo. Anatulukira pa khomo nakuwira wa kabaza uja, amene ankadikira pansi pa mtengo.

"Thamanga ku shedi! Ukauze telala akupatse sowo yanga yaikulu. Ukachedwa ndikudula iweyo!"

Sowo itafika, anapinda manja a mkanjo woyera uja, osasamala za Mwasiti, nagwada pa desiki loyamba. Kalasi yonse inaunjikana mozungulira. Utuchi unawaza pa nsalu yosita. Lamba wa kumanja anagwa, wa kumanzere anagwa, ndipo ana anakuwa ngati chalowa chigoli. Che Hemedi anakodola Sakina. Mwanayo anadzuka, nayenda pang'onopang'ono, nalowa chammbali osakweza ngakhale phazi, nakhala. Anaika manja pa tebulo, nayang'ana agogo ake. Amayi anaimba nthungululu mpaka agalu a m'mudzi wapafupi kuyamba kuuwa.

Chikondwerero chili pakati, Kingstone anafika nagwira tebulo lija, naligwedeza. Linalira kuti kwii. Analigwedezanso, benchi n'kuyenda.

"Likugwedera, ada," anatero. "Pa kulimba latsika. Tsopano ndi zinayi pa khumi."

Anthu anaopa kuti mkuluyo apsa mtima. Che Hemedi anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaphulika kuseka, namumenya pa phewa mpaka kudzandira. "Zinayi! Wandikomera mtima iwe, ine ndikanapereka ziwiri! Madamu, anthu awa mwawatenga kuti? Zaka zonsezi ndimafuna munthu wodziwa desiki, kani ali mu Sitandade 6!" Anapempha komiti sabata imodzi yokha, ndipo anati oweruza akhale omwewa, asabwere wina.

Sabata imeneyo pa shedi panalibe mtendere. Makasitomala a mipando ndi zitseko anauzidwa kuti adikire. Ofufuza aja ankabwera akaweruka, ndipo ulendo uno anabwera ndi atsikana a misinkhu yosiyana, kuyambira kamwana ka Sitandade 1 mpaka wamtali wa Sitandade 8. Desiki loyamba limene Che Hemedi anapanga mwatsopano, ana analikana chifukwa thabwa lolimbitsa linkagunda zidendene. Desiki lachiwiri analikana chifukwa Kingstone ndi anzake atalidumphira, msomali unasuzumira. Nthawi zonse Wezi ankawerenga chigamulo osaphethira, ndipo nthawi zonse Che Hemedi ankakuwa, kudandaula kwa telala kuti ana awa amupha, kenako n'kutola pensulo akumwetulira. Pa desiki lachitatu Che Hemedi anatsitsa lamba mpaka pansi penipeni, kuti agone pa simenti, nakhomera timatabwa topingasa kunsi kwa benchi kumene mwendo sufika. Atsikana analowa ndi kutuluka kakhumi. Anyamata analigwedeza mpaka thukuta. Kenako aliyense anapatsidwa nyemba imodzi kuti aponye m'chitini cha "inde" kapena cha "ayi", Che Hemedi atatembenukira kukhoma. Anamva nyemba zikugwa, ndipo zonse zinkalira m'chitini chimodzi, koma sanadziwe chiti mpaka Wezi anati, "Ada, tembenukani. Lakhoza."

Che Hemedi anavina pamenepo, pa utuchi, sowo ili m'manja, amayi a usipa akuthamangira kudzaona chimene chachitika. Bungwe lija linawapatsa ntchito ya madesiki atsopano, koma asanayambe anapita kusukulu Loweruka ndi Lamlungu n'kukonza akale onse, limodzi limodzi. Chiyambire nthawi imeneyo ali ndi khalidwe limene limadabwitsa makasitomala. Munthu akabwera kudzaitanitsa mpando, samulola kuti angotchula kukula kwake. Amafunsa kuti adzakhalepo ndani, ndipo ngati ndi gogo kapena mwana, amati abwere naye.

Lolemba lotsatira, madesiki akale aja atakonzedwa, dzuwa likupendeka, Sakina anadutsira pa shedi pochokera kusukulu. Agogo ake anali akupala thabwa. Mwanayo anatsegula chikwama, natulutsa thumba lija, lopindidwa bwino kanayi, pakati pake patapyapyala ndi kukhalidwa.

"Agogo, thumba lanu ili. Ndathana nalo."

Che Hemedi analilandira ndi manja awiri. Sanaliponye pa mulu wa matumba ena. Anatenga misomali inayi, nalikhomera pa khoma, pamwamba penipeni pa benchi imene amayezerapo matabwa, pamene maso awo amafika nthawi iliyonse asanadule.